Ndapeza ganyu yophunzitsa akuluakulu Chingerezi ku Tete, ndiyambire pati?

Choko_waku_Mwanza:
Moni nonse pagulu pano. Aphunzitsi anzanga ndi ena amene muli kunja ndithandizeniko nzeru. Ine ndinkaphunzitsa Chingerezi pa CDSS ina kumudzi, ndili ndi dipuloma ya ku Domasi, koma pano ndili ku Tete kuno kwa alamu anga. Kasukulu kena kapulayiveti ka zilankhulo kandipatsa kalasi ya madzulo, 6 koloko mpaka 8, anthu ake akuluakulu okhaokha, ena ogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize ena m'makampani a mtauni muno, madalaivala, owotcherera, wina wa ku sitolo ya masipeyala, azimayi awiri a mu ofesi. Onse alipo 14 ndipo ena ndi a msinkhu wa bambo anga. Buku sanandipatse, silabasi palibe, bwana wake wangoti muwaphunzitse kuyankhula basi. Chipwitikizi changa ndi cha pamsika, bom dia ndi quanto custa kwatha. Ndiyamba Lolemba. Ine ndinazolowera ana a Fomu 2 amene ukati tsegulani tsamba 40 amatsegula, ndiye madala awa ndiwayamba bwanji? Mtima suli m'malo.

Kabaza_FC:
Kkkk aphunzitsi mwathawa choko ku Malawi mwakapezanso choko ku Mozambiki. Mukawalembere composition, My Holiday.

Ahedi_Opuma:
Mwachita bwino kufunsa mwana wanga, safunsa anadya phula. Ine ndaphunzitsa mpaka kupuma ndipo ndikukuuzani, yambani ndi maziko. Parts of speech, kenako ma tense onse mwandondomeko, present simple, past simple, choncho. Munthu wopanda galamala amangobwebweta. Lembani sikimu ya teremu yonse ndi lesoni pulani ya tsiku lililonse monga anakuphunzitsirani ku koleji, ndipo m'kalasi musalole chilankhulo china, Chingerezi chokhachokha. Ife tinaphunzira choncho, ukayankhula Chichewa pasukulu unkavekedwa chikwangwani pakhosi, ndipo onani mmene timalembera.

Nachisale_Leeds:
Ahedi ndimakulemekezani koma apa pokha ndikutsutsani. Chikwangwani chija chinatiphunzitsa kulemba, eya, koma chinatiphunzitsanso kukhala chete. Angati a ife tinakhoza Chingerezi pa MSCE koma foni ikalira mzungu ali mbali inayo timapatsira mnzathu?

Achimwene a Choko, ine kuno ndimagwira ntchito ya care masana, madzulo ena ndimaphunzitsa makalasi a ESOL, Chingerezi cha anthu a zilankhulo zina, kwa akuluakulu ochokera ku Sudan, Eritrea, Iran, Ukraine ndi kwina. Ndiye ndikuuzeni mmene ndingachitire nditakhala inu.

Lolemba musapite kukaphunzitsa, mupite kukafufuza. Aliyense mwa anthu 14 aja ali ndi pamalo penipeni pamene Chingerezi chimamuchititsa manyazi, ndipo ndi pamenepo pamene pamutulutsitsa ndalama m'thumba kudzalipira fizi atatopa kale ndi ntchito. Wina ndi pa wailesi ya m'galimoto bwana akamamuitana, wina ndi imelo yochokera kwa sapulaya wa ku Joni, wina akufuna intaviyu ya ntchito yabwinoko, wina mwina mwana wake ali pasukulu ya Chingerezi ndipo akulephera kumuthandiza homuweki. Afunseni mmodzimmodzi, Chingerezi mumakumana nacho pati, ndi ndani, sabata yathayi chinakuvutani liti. Ngati funsolo silikumveka mu Chingerezi lilembeni pa pepala mu Chipwitikizi, alamu anuwo akuthandizeni kumasulira lero lomwe. Kenako muwapemphe kuti tsiku lotsatira aliyense abweretse kanthu ka kuntchito, fomu, chithunzi cha chikwangwani cha safety, invoisi, meseji ya pa WhatsApp imene anailephera kuyankha. Limenelo ndiye buku lanu, silabasi ituluka momwemo.

Chinanso, inu mudziletse kuyankhula. Aphunzitsi a kwathu timakonda kulalikira, maola awiri onse pakamwa pali pathu. Anthuwo akhale awiriawiri azifunsana okha, inu muzingozungulira ndi kapepala kumamvetsera. Mukatero mudziwa mlingo wa aliyense osamulembetsa mayeso, amene sangathe n'kudzitchula dzina komwe ndi A1, amene akutha kufotokoza za ntchito yake ngakhale mopunthwa ali cha ku A2 kapena B1, milingo yake imafika mpaka C2 koma kumeneko musakuganizire kaye. Galamala ibwera ndithu, koma ibwere chifukwa dalaivala akufuna kufotokoza chimene chinachitika dzulo galimoto itafa panjira, apo ndiye past simple ili ndi ntchito ndipo aigwira tsiku lomwelo.

Ahedi_Opuma:
Mayi Nachisale, ndiye mukuti mphunzitsi alowe m'kalasi opanda pulani?

Nachisale_Leeds:
Ayi bambo, pulani ikhalepo, yolembedwa bwinobwino ndi mphindi zake. Ndikukana zoti pulaniyo ichokere m'buku la Fomu 1.

Wa_ku_Ulongue:
Ndilowepo ine chifukwa ndine wa ku Mozambiki konkuno, kwathu ndi ku Angónia, ndipo ndinakhalapo pa benchi ngati ophunzira anuwo. Professor, dziwani kuti anthuwo si kuti sanachionepo Chingerezi. Kusukulu za boma kuno timaphunzira Inglês, koma chaka chilichonse mphunzitsi amayambira pa verb to be, I am, you are, he is, chaka chikubwerachi verb to be yemweyo. Mukangolemba zimenezo pa bolodi Lolemba muona nkhope zikugwa, ena Lachitatu sabweranso. Ine amene anandimasula pakamwa anali mphunzitsi wa ku Zimbabwe, tsiku loyamba anabwera ndi foni ziwiri zakufa n'kutiuza kuti wina akhale bwana wina akhale wantchito amene wachedwa, imbiranani. Tinaseka mpaka misozi koma tinatuluka tikudziwa kupepesa ndi kupereka chifukwa.

Za chilankhulo samalani. Mu mzinda wa Tete anthu ambiri ndi Anyungwe, Chinyungwe mudzachimva pang'ono chifukwa ndi chachibale ndi chathuchi. A ku Angónia, Tsangano, Macanga, amenewo Chichewa ndi chawo. Koma kumigodi kwadzaza anthu ochokera ku Maputo, Beira, Nampula, amene Chichewa sachimva olo pang'ono. Mukazolowera kufotokoza mu Chichewa mugawa kalasi pawiri, ena aziseka nthabwala zanu ena aziona ngati mukuwanena. Bola muphunzire mawu ochepa a Chipwitikizi a m'kalasi, repita (bwerezani), devagar (pang'onopang'ono), em pares (awiriawiri), zimenezo.

Choko_waku_Mwanza:
Ayayaya a Ulongue mwandipulumutsa, sikimu imene ndinayamba kulemba usiku wathawu week 1 ndi verb to be ndendende.

Kabaza_FC:
Koma funso langa ndi limodzi aphunzitsi. L ndi R munathana nazo? Tisamve kuti Amozambiki 14 akuyenda mu Tete kuitanitsa chicken and lice.

Mai_a_Tada_CPT:
Kkkkk iwe Kabaza ulibe khalidwe.

Hanoi_Flames:
Kabaza akuseka koma nkhani yake ndi yoona. Ine ndili ku Vietnam, ndimaphunzitsa ana masana akuluakulu madzulo, ndipo chinthu chimene ndinagwirapo ntchito kwambiri ndisanayambe ndi katchulidwe kanga. Osati kuyankhulira m'mphuno ngati Mmereka ayi, zimenezo ophunzira amazindikira kuti ukunamizira. Koma zathu zija, L ndi R, ndi kuwonjezera i kumapeto kwa mawu aliwonse, and kukhala andi, book kukhala buku. Dzijambuleni pa foni mukuwerenga ndime imodzi kenako mumvetsere, mupeza nokha pamene pakufunika kukonza. Mawu amene mukaphunzitse mawa, amvereni kaye usiku pa dikishonale ya pa intaneti.

Ndiye ngati ntchitoyi mukuifuna kuti ikhale yanu yeniyeni, osati yongodikirira zina, ganizirani za CELTA. Ndi satifiketi ya Cambridge yophunzitsira akuluakulu, maola pafupifupi 120, ukachita ya full time ndi masabata anayi, mkatimo muli maola 6 oti uphunzitse ophunzira enieni aphunzitsi ako akukuonerera n'kumalemba zolakwa zako, kuphatikiza ma assignment anayi. Ina yofanana nayo ndi CertTESOL ya Trinity. Ku Cape Town ndi ku Johannesburg imachitika, ndipo masiku ano iliponso ya pa intaneti. Ndi yodula, sindikunamizani, koma ikakhala pa CV bwana aliyense wa sukulu ya zilankhulo amaidziwa.

Dolo_wa_Ndirande:
Yodula bwanji pamene ma TEFL, masatifiketi ophunzitsira Chingerezi a pa intaneti, akugulitsidwa mtengo wa bandulo? Pepala ndi pepala amwene.

Hanoi_Flames:
Pepala ndi pepala pa viza mwina, mayiko ena amangofuna aone kuti palembedwa maola 120. Koma kosi imene palibe munthu anakuonapo utaima kutsogolo kwa kalasi ikuthandiza chani Lolemba 6 koloko? Funso lofunsa musanalipire ndi limenelo, muli teaching practice yoonereredwa kapena ndi kungodina next next.

Dolo_wa_Ndirande:
Nanga inu munapita bwanji kumeneko, tiuzeni njira nafenso tithawe. Ndamva ku Korea ndiye kuli dola.

Hanoi_Flames:
Ku South Korea iwalani. Viza yawo ya aphunzitsi a Chingerezi, E-2, kwenikweni ndi ya mapasipoti a mayiko asanu ndi awiri, America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Ku Africa ndi Joni yokha. Iwe ukhoza kukhala ndi digiri ya Chingerezi ya ku Chanco, ndakatulo za Chingerezi kumalakatula pamtima, koma mnyamata wa ku Pretoria amene kwawo amayankhula Afrikaans adutsa iwe n'kutsala. Kuno ku Vietnam khomo ndi lotsegukako, amafuna digiri, satifiketi yophunzitsira, kalata ya kupolisi, zonse zodindidwa, ndipo ife amene amati si eni chilankhulo amatifunanso umboni ngati mayeso a Chingerezi a IELTS. Tsankho liliponso, zotsatsa ntchito zina zimachita kulemba kuti native speakers only, ndipo ukatumiza chithunzi ena sayankhanso. Akuluakulu ndiye abwino kusiyana ndi makolo a ana, munthu wamkulu akaona kuti imelo yake yayamba kuyankhidwa kuntchito za khungu lako alibe nazo ntchito.

Mai_a_Tada_CPT:
Ndipo a Dolo chonde musamangolumphira ma agent a pa Facebook amene akuti tumizani ndalama ya processing tikupezereni sukulu kunja. Mwaiwala za atsikana athu amene anakavutika ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino? Sukulu yeniyeni imakuchititsa intaviyu, imakuuza uphunzitse demo, imakutumizira kontirakiti. Siyikupempha ndalama.

Zobue_Express:
Mwafika pa nkhani imene ndimadikira. Nonse mukukamba za ma tense palibe wafunsa mnyamatayu kuti mapepala ake ali bwanji. A Choko, munalowa ndi chidindo cha pa boda pa Zóbuè eti? Chimenecho ndi cha mlendo, masiku 30, sichikulolani kugwira ntchito. Ine ndimayendetsa thiraki njira ya Mwanza, Tete, Cuchamano mpaka Harare ndiye ndaona zambiri. Chilolezo chogwirira ntchito amene amakapempha ku unduna wa zantchito ndi wokulemba ntchitoyo, ndipo makampani ali ndi malire a chiwerengero cha alendo amene angalembe, kenako pamabwera DIRE, chiphaso chokhalira m'dzikomo. Tisukulu tating'onoting'ono timakonda kunena kuti yambani kaye tikonza, ndiye tsiku limene a inspecção, oyendera za ntchito a boma, afika bwanayo amalipira chindapusa koma amene amaperekezedwa ku boda ndi inuyo. Mufunseni mwaulemu koma momveka, akonza liti, ndipo ndani alipira.

Choko_waku_Mwanza:
Zoona ndili pa chidindo chomwecho. Bwanayo anati tikambirana mwezi ukatha.

Zobue_Express:
Mwezi ukatha ndiye chidindonso chatha. Kambiranani mawa.

Mai_a_Tada_CPT:
Ndi za malipiro zomwe. Akulipirani pa ola kapena pa mwezi, ma metical angati, tsiku liti, ndipo ophunzira akabwera atatu okha chifukwa cha mvula inu mulandira kapena ayi. Zilembedwe olo pa WhatsApp pomwepo kuti pakhale umboni. Ine kuno ku Cape Town ndinayamba ndi azimayi a ku Congo ndi Burundi a kutchalitchi kwathu, ambiri amaluka tsitsi ena amagwira m'nyumba za anthu, amafuna Chingerezi choyankhulira ndi makasitomala ndi ku kiliniki. Amene amabwera kunyumba payekha ndimamuuza kuti ndalama ya mwezi patsogolo. Osati nkhanza ayi, koma munthu amene walipira kale amabwera olo kuzizire bwanji.

Kabaza_FC:
A Zobue mukamadutsa mutitengereko chicoa, nsomba ija ndiye Mozambiki yeniyeni, zina zonsezi ndi nkhani chabe.

Zobue_Express:
Chicoa ukaiviike kaye m'madzi usiku wonse aise, mchere wake ukhoza kukuimitsa mtima. Ya ku Cahora Bassa imeneyo.

Wa_ku_Ulongue:
Ndi 2M yozizira pambali. Koma professor kutentha mwakuona? Mwezi wa October ndi November mu Tete zimapitirira madigiri 40, ife a ku Angónia tikatsikira kumeneko timachita kudwala.

Choko_waku_Mwanza:
Musanene, ndimagona pakhonde. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa ndinkati kumatentha koma kuno ndi zina.

Dolo_wa_Ndirande:
Ndiye malasha akewo ndi omwe aja amadutsa pa sitima ku Balaka ndi Liwonde kupita ku Nacala? Ife timangowerenga mabogi.

Admin_Gulu:
Abale nsomba ndi sitima zikhale kaye, munthu ali ndi kalasi Lolemba. Tibwerere.

Wa_ku_Ulongue:
Pepani a admin. Koma za kutenthazo zikukhudzanso kalasi, 6 koloko madzulo munthu wachokera pa shifiti, thupi lonse latheratu. Mukamukhazika pansi ola lathunthu akukopera za pa bolodi agona. Aziimirira, azisinthana malo, pakati pakhale kabuleki ka madzi.

Nachisale_Leeds:
Eya. Ndiwonjezere za manambala, chifukwa kwa anthu anuwo ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Thirteen ndi thirty, fifteen ndi fifty, pa wailesi kapena pa foni zimamveka chimodzimodzi ngati munthu sanaphunzire pamene mawu amakwera. Kenako kalembedwe, Chipwitikizi chimaika kadontho pamene Chingerezi chimaika comma, iwo akalemba 1.500 akutanthauza chikwi chimodzi ndi mazana asanu, akalemba 1,5 ndi chimodzi ndi theka. Wa ku sitolo ya masipeyala uja mukamuonetsa zimenezi sabata yoyamba adzakukondani mpaka kale. Nthawinso, iwo anazolowera 18 horas, ndiye half past six ndi quarter to seven ndi zachilendo. Ndi kutchula zilembo za dzina kapena nambala pulaiti pa foni, A, E ndi I zimawasokoneza kwambiri chifukwa mayina a zilembozo mu Chipwitikizi ndi ena. Apo muli kale ndi maphunziro a masabata awiri, onse ochitira awiriawiri, wina akutchula wina akulemba.

Pokonza zolakwa, munthu wamkulu osamudula pakamwa pagulu. Bambo wa zaka 50 amene kuntchito ali ndi anyamata ake, mukamuseketsa kamodzi basi simudzamvanso mawu ake. Lembani zolakwa pa kapepala kanu, kumapeto muziike pa bolodi popanda dzina, kalasi yonse ikonze. Ndipo funso loti mwamva lisiyeni, akuluakulu amati yes teacher mwaulemu chabe. Mukawauza zochita funsani mmodzi kuti ndiye muyamba ndi chani, mufunsa ndani.

Ahedi_Opuma:
Zolakwa zikachuluka osakonzedwa pompo zimamera mizu mayi. Ndawaona anthu akuti he go mpaka kukalamba.

Nachisale_Leeds:
Pamene tikuyeserera chiganizo chatsopano ndimakonza pompo bambo, apo tikugwirizana. Koma pamene munthu akufotokoza nkhani yake ya mmene anapulumukira ngozi, ndimudule chifukwa cha s mmodzi?

Ahedi_Opuma:
Apo ndavomera theka. Koma homuweki ikhalepo.

Mai_a_Tada_CPT:
Homuweki yolemba sachita ahedi, ali ndi ana ndi maliro ndi ma overtime. Ine ndinatsegula gulu la WhatsApp, aliyense amatumiza voice note ya mphindi imodzi, lero ndadya chani, kasitomala wanena chani. Imeneyo amachita ali mu taxi.

Dolo_wa_Ndirande:
Ndiye kusukulu ya kwacha kumene uku, kungoti ya Chingerezi.

Choko_waku_Mwanza:
Ndabwera ndi lipoti abale. Kalasi yachitika. Anabwera 11, atatu anali pa shifiti. Ndinachita monga munanenera asisi a ku Leeds, mafunso pa pepala mu Chipwitikizi, kenako awiriawiri. Poyamba kunali zii, aliyense akuyang'ana ine kudikira kuti ndilembe pa bolodi, bambo wina anachita kutsegula kope latsopano n'kulemba deti mwaukhondo ndi rula. Nditatulutsa foni n'kuyerekeza kuti ndine bwana wolusa ndikufunsa kuti galimoto ili kuti, dalaivala wina anayankha kuti boss the car is die, kalasi yonse inaphulika ndipo kuyambira pamenepo sanasiyenso kuyankhula. Tinathera pa broke down ndi flat tyre, ndipo manambala aja ndayamba nawo pang'ono, za 13 ndi 30 ndi zoona, theka la kalasi linalemba zosiyana.

Mavuto ndi awiri. Mayi mmodzi wa mu ofesi ali patali kwambiri, anakhalapo ku Nelspruit ku Joni, funso lililonse amayankha iye ena asanatsegule pakamwa ndipo ndikuona kuti watopa nafe. Kenako pali bambo wamkulu wowotcherera, amamva bwino ndithu ndipo mayina a zipangizo zake zonse amawadziwa mu Chingerezi kuposa ine, koma pepala lija analigwira nthawi yaitali osalemba kanthu, kenako anati waiwala magalasi. Mnzake anamulembera. Ndikukayika ngati amatha kuwerenga bwinobwino olo Chipwitikizi chomwe.

Za mapepala ndamufunsa bwana, wati tikaonane Lachinayi ndi pasipoti ndi dipuloma.

Kabaza_FC:
The car is die kkkkkk ameneyo ndi m'bale wanga, mupatseni moni.

Dowa_Boy:
Ndimangowerenga chete koma za bambo wa magalasiyo ndiyankhepo. Ine ndinathandizirako makalasi a akuluakulu ku Dzaleka, anthu ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, ndipo m'kalasi imodzi umapeza wina anali loya kwawo wina sanapondeko pasukulu. Mawu akuti ndaiwala magalasi ndinawamva kambirimbiri. Choyamba, musamufunse pagulu ndipo musasonyeze kuti mwazindikira. Mwina magalasi anaiwaladi, dikirani muone kalasi yotsatira. Anthu a msinkhu umenewo ku Mozambiki ambiri ubwana wawo unathera mu nkhondo ija inatha 1992, sukulu zambiri za kumidzi zinatsekedwa, ena anakulira m'misasa ya othawa kwathu konkuno ku Mwanza, Dedza, Nsanje. Ndiye si nkhani ya umbuli.

Chochita, chilichonse chatsopano chiyambe ndi khutu ndi pakamwa, kulemba kubwere pambuyo. Gwiritsani zithunzi ndi zinthu zenizeni, bweretsani helemeti, magolovesi, sipanala. Pa ntchito ya awiriawiri iye akhale woyankhula mnzake wolemba, ndipo muzichita choncho kwa magulu onse kuti zisaoneke ngati ndi za iye yekha. Popeza zipangizo amazidziwa, tsiku lina mupatseni mphindi zisanu aphunzitse kalasi mayina ake, inunso mukhale pansi mulembe. Akakuzolowerani adzakuuzani yekha pa geti potuluka, ndiye apo mukhoza kumayamba naye mphindi 15 ena asanafike, kuyambira pa mawu amene amawaona tsiku ndi tsiku pa zikwangwani, danger, exit, stop, ndi dzina lake.

Wa_ku_Ulongue:
A Dowa mwanena zoona, malume anga anakulira ku msasa ku Malawi, anabwerera ali wamkulu kale. Professor muzimutchula senhor ndi dzina lake bamboyo, kapena mestre poti ndi mmisiri, muona mmene asangalalire.

Nachisale_Leeds:
Za mayi wa ku Nelspruit, njira yachilungamo ndi kuuza bwana kuti akufunika kalasi ina, koma tikudziwa kuti pa kasukulu kotero kalasi ina kulibe. Ndiye mupatseni katundu wolemera. Ena akamayeserera kuimba foni iye alembe imelo yeniyeni ya nkhani yomweyo, muikonze mozama, mpaka ulemu wa mawu ake. Mafunso muzitchula dzina la woyankha mutatha kufunsa, osangoponya m'mwamba. Nthawi zina akhale womasulira wanu pamene zavutiratu, koma osati tsiku lililonse, nayenso walipira kuti aphunzire osati kuti akugwirireni ntchito.

Hanoi_Flames:
Ndipo mufunseni ngati akuganiza za IELTS. Anthu a mlingo umenewo nthawi zambiri ali ndi maloto a sikolashipu kapena ntchito ya ku NGO, ameneyo akhoza kukhala kasitomala wanu woyamba wa payekha Loweruka.

Zobue_Express:
Za payekha zidikire kaye mapepala. Lachinayi mutenge ma photocopy, original isatsale m'manja mwa munthu, makamaka pasipoti. Akati isiyeni tikusungireni mukane.

Ahedi_Opuma:
Ine ndikadali pa mawu anga, dalaivala uja tsiku lina adzafunika kudziwa chifukwa chake is die ndi cholakwika. Koma bambo wa rula ndi deti uja ndamukonda, ameneyo mumupatse kanthu kolemba m'kope mwake tsiku lililonse, olo mizere isanu kumapeto, apo ayi aziona ngati ndalama yake ikupita pachabe.

Nachisale_Leeds:
Apo ndiye mwalasa ahedi, mphindi khumi zomaliza zikhale za kope.

Choko_waku_Mwanza:
Ndalemba zonse. Lachitatu ndikufuna tichite zofotokoza ngozi kuntchito, chinachitika n'chani, liti, anavulala ndani, ndiye past simple ya ahedi ilowa pamenepo. Atatu a pa shifiti aja akabwera ndiwachita bwanji, ndibwerezenso zonse?

Mai_a_Tada_CPT:
Osabwereza inu. Amene analipo awafotokozere anzawo mu Chingerezi zimene munachita, mphindi khumi zoyambirira, inu muzingomvetsera. Ndi anthu a mashifiti zizikhala choncho sabata iliyonse, ndiye phunziro lililonse lizitha palokha tsiku lomwelo, osamati tipitiriza mawa. Bolodi muziijambula musanafufute n'kuponya pa gulu la WhatsApp lija.

Choko_waku_Mwanza:
Gululo sindinatsegulebe, nditenga manambala awo Lachitatu. A Dowa ndikulemberani ku inbox za bambo uja ndikaona mmene zikhalire ndi magalasi.